Chigubu Chachitatu

Namwino anatsegula chigubucho, nanunkhiza chapatali, n'kuchitsekanso msanga.

"Mayi, chimenechi munachisunga kuti?"

"Kunsi kwa bedi, anesi," anayankha Kansungwi.

"Nyumba yanu ndi ya malata?"

"Eya, ya malata."

"Ndiye mwachita kuuphikatu mkodzowu. Sindinakuuzeni kuti uzikhala pozizira? Ndikatumiza umenewu akandibwezera, n'kumanena kuti sindidziwa ntchito."

Kansungwi anangoti zyoli. Chinali chigubu chachiwiri chimenechi. Choyamba chinakanidwa milungu iwiri m'mbuyomo chifukwa cha pakamwa pake pomwe. Namwino atamufunsa ngati sanaphonyeko ngakhale kamodzi, iye anavomera kuti masana, ali kuntchito, anakataya madzi kuchimbudzi monga mwa masiku onse. Kunena zoonako kunangomupatsa ulendo wina.

Dzina la Kansungwi anamupatsa ndi anzake a kulesitilanti kumene ankatsuka mbale ndi kusenda mbatata, kale akadali wowonda ndi wamtali. Thupi lija linasamuka, dzina n'kutsala. Pa zaka ziwiri zokha nkhope inatupa n'kukhala yozungulira ngati mbale. Kumbuyo kwa khosi kunamera kalinunda, mimba inatsogola, pamene manja ndi miyendo zinkangowonderawondera. Akangogunda pang'ono ngodya ya tebulo, pakhungu pankatsala bala lakuda la sabata yathunthu. Kumwezi anasiya kupita, ndipo m'mawa uliwonse ankazula tindevu kuchibwano mwana wake wamkazi asanadzuke. Anthu pamsewu ankamuyamikira kuti zikumuyendera. Mwamuna wake yekha ndiye sanayamikire. Anapita kukafuna ntchito kutali, ndipo kuyambira pamenepo foni yake inangokhala yozimitsa.

Amene anamuyang'ana ndi maso ena anali dokotala wina wachikulire, wa imvi, yemwe ankabwera pachipatalapo kamodzi pa miyezi inayi. Anamuuza kuti anyonyomale kenako adzuke osagwira kanthu. Kansungwi anakanika. Dokotalayo anajambula impso papepala n'kuiveka kachipewa.

"Pamwamba pa impso iliyonse pali kachiwalo kakang'ono ngati aka," anatero. "Kamatulutsa timadzi tina, timene timati mahomoni, toyendetsa thupi. Tikachuluka kupyola muyezo timadya mnofu, timafewetsa mafupa, timakweza shuga ndi kuthamanga kwa magazi. Kawirikawiri gwero lake limakhala kachotupa kakang'ono, m'mutu kapena pa impso pomwepo, ndipo kamachotseka. Koma kuchipatala chachikulu sangakulandireni chifukwa cha maso anga okha. Amafuna nambala papepala."

Anafotokoza kuti magazi a nthawi imodzi sanena zonse, chifukwa timadzito timakwera m'mawa n'kutsika madzulo. Pankafunika mkodzo wonse wa tsiku lathunthu, kuchokera m'mawa uno kufikira m'mawa wotsatira, m'chigubu chimodzi.

"Nanga kachotupako kakapanda kuchotsedwa, adokotala?"

"Tiyeni tiyeze kaye," anayankha, maso ali pacholembera chake. Kansungwi anamva bwinobwino zimene sananenezo, ndipo njira yonse yobwerera ankangoganiza za mwana wake, yemwe anali asanadziwe n'komwe kudzichapira yunifolomu.

Tsopano namwino anatulutsa chigubu china mu kabati, nalemba dzina la Kansungwi pa kapepala komata.

"Ichi n'chomaliza, mumve bwino. Galimoto yotenga zokayeza inyamuka Lachinayi eyiti koloko. Muyambe Lachitatu. Woyamba wa m'mawa mutaye, wina wonse muno, mpaka Lachinayi m'mawa. Pozizira. Chikapanda kubwera ndikuchotsani pamndandanda, chifukwa adokotala amaonana ndi okhawo amene ali ndi zotsatira. Anthu akulirira malo anuwa ndi ambiri."

Lachiwiri Kansungwi anapempha tchuthi kwa Madamu, mwini lesitilanti. Anawapeza akuwerenga mafoloko.

"Mawa? Mawa tili ndi anthu makumi asanu a msonkhano. Ukufuna mbale ndizitsuka ndine?"

"Ndi za kuchipatala, Madamu. Tsiku limodzi lokha."

"Ukudwala chiyani iwe, thupi lonseli? Odwala timawaona, amawonda. Iwe nyama zanga zakukonda basi."

Operekera zakudya awiri amene anali pafupi anaseka. Kansungwi anafuna kufotokoza, koma anachita manyazi kutchula mkodzo. Munthu wamkulu, mayi wa mwana, unganene bwanji zoterozo pamaso pa ana aamuna amene akuseka kale? Anangoti, "Chabwino, Madamu," nabwerera kusinki.

Nzeru inamubwerera ali pasinki pomwepo. Kuseri kwa khitchini kunali kachipinda kosungiramo katundu, ndipo mmenemo munali firiji yakale yong'ung'udza, mosungira zakumwa zapadera. Madamu sankalowamo kawirikawiri. Kunyumba kulibe firiji, kuntchito iliko, ndipo iye akhala kuntchitoko tsiku lonse. Anaona ngati Mulungu wamutsegulira khomo.

Lachitatu analawirira anzake onse asanafike. Chigubu anachikulunga m'matumba awiri apulasitiki akuda, n'kuchikankhira pansi penipeni, kuseri kwa mabotolo. M'thumba la epuloni anabisamo kachitini. Nthawi iliyonse akamva kufuna kutaya madzi ankatenga chigubucho, kupita nacho kuchimbudzi cha antchito, kuthiramo, kutseka zolimba, kupukuta kunja kwake ndi sopo, kusamba m'manja kawiri, n'kuchibwezera. Mbale za Madamu sanazisamalepo chotero.

Pofika masana, wophika wamkulu, amene onse ankamutchula kuti Madala, anali atawerenga maulendowo.

"Kansungwi, kachipinda kaja kakukonda bwanji lero? Wabisamo mwamuna?"

"Mwamuna wake uti angalole kubisidwa ndi ine, Madala?"

"Alipo. Ife okalamba sitisankha, bola pofunda."

Anaseka pang'ono, kenako anamunong'oneza zoona zake, maso ali pa anyezi. Madala anasiya kutakasa mphika. Anapukuta thukuta ndi mkono, nayang'ana kuchitseko cha ofesi.

"Mwana wanga, wandisenzetsa mwala. Koma maso anga ndi okalamba, m'firiji saona. Ungochita changu, madzulo chichoke."

Ulendo wachinayi, atagwira chigubucho n'kumva kuzizira kwake m'manja, Kansungwi anasangalala. Anali atatha miyezi yambiri osamva chimwemwe chotero. Anayamba kuwerengera m'mutu: Lachinayi galimoto, kenako pepala, kenako chipatala chachikulu, kenako nkhope yake yakale ija. Anafika poyimba kanyimbo pasinki.

Itangokwana folo koloko, anthu a msonkhano anaitanitsa zakumwa zina zozizira. Za kutsogolo zinali zitatha. Operekera zakudya onse anali ndi mathileyi m'manja, ndiye Madamu anapita okha kukachipinda kaja.

Sanakuwe. Anatulukira m'khitchini atanyamula chigubucho ndi zala ziwiri, matumba akuda aja akulendewera, kapepala ka dzina kakuonekera poyera.

"Ichi n'chiyani?"

Madamu anatembenukira kwa Kansungwi.

"Ndikufunsa iwe. Dzinali ndi lako. M'firiji mwanga, momwe mumakhala zakumwa za anthu?"

"N'chotseka bwino, Madamu. A kuchipatala anati chizikhala pozizira, ndipo kwathu..."

"Ukudziwa kuti a zaumoyo atangomva anditsekera malo ano? Antchito khumi ndi awiri amadyera pano chifukwa cha dzina langa. Iwe ukufuna ulithire mkodzo?"

Madamu sankanama, ndipo Kansungwi ankadziwa. Anagwada pansi ponyowapo.

"Ndalakwa, Madamu. Ntchito ndichotseni, sindikana. Koma chigubucho ndipatseni chili chomwecho. Moyo wanga uli mmenemo."

"Madamu," anatero Madala, "mwanayu akudwaladi. Mupatseni azipita nacho, firijiyo nditsuka ndine."

"Kani inu mumadziwa? Tikambirana bwino."

Mkwiyo ukafika m'manja sudikira makutu. Madamu anatuluka pakhomo la kuseri, natsegula chigubucho, n'kukhuthulira zonse m'ngalande ya madzi otsukira mbale. Anachiponya pansi, chinagubuduka mpaka pafupi ndi bini.

"Tenga chinthu chakocho. Epuloni usiye."

Kansungwi anafuna kudzuka, miyendo inakana. Anayesanso, atagwira mwendo wa tebulo, koma ntchafu zinangonjenjemera. Operekera zakudya anaima pakhomo ndi mathileyi awo, osaseka tsopano, ndipo kusasekako kunamupweteka kuposa kuseka kwa dzulo. Madala ndi amene anamugwira m'khwapa n'kumuimiritsa. Anamutolera chigubu chija, nachitsuka kunja kwake pampopi, n'kumupatsa.

Anafika kunyumba dzuwa likulowa. Mng'ono wake, amene ankakhala naye m'chipinda chimodzicho ndipo ankaluka anthu tsitsi pakhonde, anali akusesa tsitsi lotsala.

"Asisi, mwaweruka msanga bwanji? Akukwezani pantchito?" Kenako anaona chigubu chopepukacho, ndipo tsache linaima.

Kansungwi anafotokoza mwachidule, atakhala pabedi, nsapato zili kumapazi. Mng'onoyo anatukwana Madamu, mafoloko awo, ndi msonkhano womwe. Atatopa anati, "Ndiye tiyambirenso pompano. Mpaka m'mawa chikhala chitafikako penapake."

"Theka la tsiku sawerengera. Anandibwezapo kale chifukwa chophonya kamodzi kokha. Zatha basi, usandivutitse."

Anagona atayang'ana kukhoma. Mwana wake atabwera kudzamuonetsa kope la masamu, anangoti mutu ukumupweteka. Sanadye. Ankangomva mng'ono wake akutereka tiyi, kenako akutunga madzi m'ndowa, kumwa, kutunganso, koma analibe mphamvu yofunsa kuti ludzu lotero lachokera kuti.

M'mawa anapeza chigubu chili m'beseni la madzi ozizira, chofundidwa ndi nsalu yonyowa. Chinali chodzaza kupyola theka. Mng'ono wake anakhala pambali pake, maso ali psuu ndi tulo.

"Mimba yangayi yasanduka thanki," anatero. "Nyamulani muzipita, galimoto ingakusiyeni."

"Wachita chiyani iwe?"

"Ndachita zimene m'bale amachita. Tinabadwa mimba imodzi, timadya mbale imodzi, madzi timamwa a ndowa imodzi. Wanga ndi wanu wasiyana pati?"

"Ndi wako, si wanga. Akufuna kuyeza ine."

"Asisi, tamverani. Chigubuchi ndi tikiti chabe yolowera pakhomo. Mwanena nokha kuti wopanda zotsatira saonana ndi adokotala. Mukakalowa, adokotala a imvi aja akakuonani ndi maso. Si anakuonani kale? Nkhope yanuyi ikufunanso umboni? Mukakawauza zonse muli awiri, adzakupatsani chigubu china. Koma akakufufutani lero, mudzalowera khomo liti?"

Kansungwi anayang'anitsitsa chigubucho. Ankadziwa kuti n'kulakwa. Koma ankakumbukiranso kuti chilungamo chinamubwezetsa ulendo woyamba, kumvera malangizo kunamuchotsetsa ntchito, ndipo mawu a mng'ono wakewo ankamveka anzeru. Anayang'ana mwana wake, yemwe ankamanga zingwe za nsapato molakwitsa. Ananyamula chigubucho.

Namwino anachikweza m'mwamba, nachigwira m'mbali.

"Ehe, chozizira bwino. Simunaphonyeko?"

"Ayi, anesi."

"Mwaona? Mukafuna mumatha. Mudzabwere tsiku la adokotala."

Anadikira milungu isanu ndi iwiri. Ntchito ina sanaipeze, chifukwa nkhani ya firiji inayenda mumsewu wonse wa malesitilanti mofulumira kuposa iye. Ankathandiza mng'ono wake kumasula tsitsi la makasitomala, atakhala pampando wautali, poti pamkeka sakanatha kudzukapo. Tsiku lina anatsokomola mwamphamvu n'kumva kanthu kakuthyoka m'nthiti. Sanauze munthu. Usana uliwonse ankabwereza mumtima mawu amene adzanene kwa dokotala wa imvi uja, ndipo anawasalaza mpaka anakhala afupi ndi aulemu.

Tsikulo litafika anapita awiri. Mng'ono wake anatsala panja pabenchi, atanyamula chikwama. Dzina lake litaitanidwa, Kansungwi analowa, n'kupeza pampando paja pali munthu wina, dokotala wachinyamata wa maso otopa, mafayilo ataunjikana mpaka pachigongono. Namwino uja anaima pambali pake.

"Adokotala aja ali kuti?" anafunsa.

"Anapuma pantchito mwezi watha," anayankha namwino. "Khalani pansi, mayi, anthu ndi ambiri."

Dokotalayo anatsegula fayilo, nayendetsa chala papepala, n'kumwetulira kumwetulira kwa munthu amene wapeza nkhani imodzi yabwino pa tsiku loipa.

"Mayi, muthokoze. Mahomoni anu ali bwinobwino, pakatikati penipeni. Matenda amene ankawaganizira aja mulibe."

"Koma adokotala, miyendoyi..."

"Thupi likalemera miyendo imadandaula. Chepetsani zamafuta ndi mchere, muziyenda pang'ono tsiku lililonse. Mankhwala a shuga ndi a kuthamanga kwa magazi muzilandira kuchipatala chaching'ono cha kwanu. Kuno simukufunikanso kubwera."

Mawu aja anawasalaza milungu isanu ndi iwiri anafika pamlomo. "Adokotala, mkodzo uja..."

"Anauyeza bwino, musakayike," anatero namwino. "Ndipo munachita mwayi. Chigubu chanu chija chinali m'gulu lomaliza kutumiza. Mankhwala oyezera anatha kumeneko, sitikudziwa kuti adzabwera liti. Amene anatsala pamndandanda angobwerera lero."

Kansungwi anatseka pakamwa. Akaulula, apeza chiyani? Chigubu chachinayi kulibe. Pangotsala kukalipiridwa pamaso pa anthu kachiwiri, n'kudziwika kuti analanda malo a munthu wina ndi bodza. Anachita mantha, anachita manyazi, ndipo koposa zonse anatopa. Dokotala anali atamupatsa kale pepala la zotsatira n'kulemba mzere pansi pa fayilo, dzanja lina likufikira fayilo yotsatira.

"Zikomo, adokotala," anatero.

Anagwira m'mphepete mwa tebulo ndi manja onse awiri, nadzikoka pang'onopang'ono mpaka anaima. Dokotala wa imvi uja akanaona kadzukidwe kameneko. Uyu ankawerenga dzina la wodwala wotsatira.

Panja mng'ono wake anadzuka pabenchi msangamsanga.

"Mwawauza? Akuti chiyani? Akutumizani liti kuchipatala chachikulu?"

Kansungwi anamuyang'ana. Anaona masaya ake osalala, khosi lake lowongoka, miyendo yake yolimba imene inadzuka pabenchi popanda kugwira kanthu. Sanamukwiyire. Anapinda pepala lija kawiri, namuikira m'dzanja, n'kumufumbatitsa.

"Sunga, ndi lako ili," anatero. "Akuti uli bwinobwino, m'bale wanga. Ulibe matenda alionse. Mwana uja udzatha kumulera."

Mng'onoyo anayang'ana pepala lija m'dzanja mwake. Kansungwi anamugwira paphewa kuti atsamirepo, ndipo anayamba kutsika masitepe a chipatala, imodziimodzi.